Mpongozi Sandigwila Dzanja

Lolemba, 4 Juni 1984

Andigoneka. Ine Jethro Daka wa ku Nyampande, amene ndinakumba malasha ku Wankie osagonapo m'chipatala, lelo ndili pa bedi lachitsulo ngati mwana wa chikuku. Sukulu sindinapondeko. Zilembo ndinaziphunzila ku komboni ya mgodi, pa Baibulo la mnzanga, tsono amene adzaone zokhota muno asaseke, akalembe zake. Ndikulemba kuti dzuwa liziyenda, komanso kuti ndikatuluka munthu asandinamize za zimene anandimwetsa.

Chinandigwetsa ndi ichi. Loweluka ndikutola thonje, pachifuwa panakhala chinthu cholemela ngati thumba la feteleza, ululu wake kutsikila ku dzanja lamanzele. Ndinakhala pansi, thukuta lili chuchuchu. Mlongo wanga Dainess ndiye anachita phokoso masiku awili mpaka anandikweza pa ngolo. Ndikanakhala ndekha, mzele wa thonje uja ndikanaumaliza.

Dokotala wa pano ndi a Febian Mwanza, mnyamata wamtali wa magalasi. Anandimvela pachifuwa ndi kumsana nthawi yaitali. Akuti mtsempha umodzi wodyetsa mtima unatsekeka, ndipo mbali ina ya mtimawo yavulala. Malamulo awo ndi awa: kugona chotsamila, osaimilila, osadya mchele. Jakisoni wokodzetsa m'mawa. Kapilitsi koika pansi pa lilime chifuwa chikawawa. Mkodzo wonse m'botolo kuti aziuyeza. A Jonas, wothandiza dokotala, anandimanga lamba pamkono n'kupopa. Bipi 130 pa 80. Akuti si yoipa. Nanga ndikugonelanji?

Lachiwili, 5 Juni

Tsoka landipeza pa bedi. Nesi wa wodi ya amuna masana ndi Ennie, mkazi wa mwana wanga Whiteson. Mpongozi wanga.

Whiteson anamukwatila ku Chipata m'tchalitchi, ine ndinangomva kwa anthu otsika basi. Sanabwele naye kumudzi kuti ndimupatse nkhuku yotsegulila pakamwa monga timachitila. Choncho mpaka lelo sitinalankhulanepo, sitiyang'anana kumaso, kukhudzana ndiye kutalitali. Kwathu ukakumana ndi mpongozi panjila, mmodzi amapatukila kuthengo. Ndiye lelo andigwile dzanja? Anyamule mkodzo wanga n'kuuyang'ana pa windo? Nditamuona akulowa ndinafunda bulangeti kumutu.

Mwambo akuudziwa, pamenepo sindimunamizila. Ngakhale ndi mwana wa ku Lundazi, anagwada chapatali, nkhope kukhoma, n'kulankhula ndi munthu wa bedi loyandikana ndi langa. Munthuyo ndi Wilbroad Kapembwa, Mbemba wa ku Kasama, dalaivala. Lole yake inagubuduka m'mapili a Kacholola, mwendo wake uli m'mwamba, aumangilila ku chitsulo ndi thumba la mchenga. Mbemba ndi ife a kum'mawa ndi chimbuya, tikhoza kutukwanana tsiku lonse popanda mlandu.

"A Kapembwa," anatelo Ennie, "muwafunse atate ngati chifuwa chikuwawabe."

"Mbuya, mwamva? Kapena mbewa zimene mumadya zinakudyani makutu?"

"Uwauze kuti chifuwa ndi changa," ndinayankha ndili m'bulangeti. "Ndipo iwe wodya anyani, ndi nyani uti anakuphunzitsa kukhota ndi lole?"

"Sisitala, akuti ali bwino, koma mutu ndi mwala."

Tagwilizana motele. Lamba wa pamkono ndi jakisoni azichita a Jonas m'mawa. Mapilitsi Ennie aziika pa kabati n'kuchoka. Botolo ndizinyamula ndekha kupita nalo kuchimbudzi, ndipo ndizinena pakamwa kuti linafika pati. Ennie anauza Wilbroad kuti dokotala analetsa kuimilila. Ndinauza Wilbroad kuti dokotala si wa ku Nyampande.

Lachitatu, 6 Juni

Muno amatidzutsa kusanache ngati ng'ombe za pa goli. Kusesa, kukolopa ndi madzi okhaokha chifukwa sopo kulibe m'dziko lonse, kenaka phala lopanda mchele. Phala limeneli ungamatile nalo nkhokwe.

Bipi 120 pa 80. Jakisoni wokodzetsa uja ndi wamphamvu, botolo linadzaza kawili. Pobwela kuchimbudzi ndinapumila pakhoma, mpweya unachepa pang'ono. Palibe anandiona.

Dainess anabweletsa kandolo wophika, mbatata ya kholowa ija, ndi kapenta wokazinga bwino, wa mchele wake. Ndisanatambasule dzanja, mau anamveka kukhoma: "A Kapembwa, muwauze atate kuti kapenta ayi." Wilbroad anati, "Sisitala, musavutike, ndiwathandiza," n'kukoka mbale ndi ndodo yake. Anadya akundiyang'ana, mpaka kunyambita zala. Mulungu alipo, mwendo winawo adzauonanso.

Lachinayi, 7 Juni

Whiteson wabwela kuchokela ku Ndake kumene akuphunzitsa. Wavala jekete, wanenepa. Anakhala pa bedi langa osapemphedwa.

"Atate, nkhani ya nkhukuyi tiithetse lelo. Ndikagula pamsika, mumupatse pompano, azikusamalani bwino."

"Nkhuku ya pamsika? Unamutengela pamsika mkaziyo?"

"Atate, mtima wanu uli pa ngozi."

"Nkhuku ichoke m'khola langa, ipelekedwe pabwalo langa, anthu akuona. Iwe ndiwe unalumpha mpanda, usandiuze kuti ndikwawe pansi pake."

Anatuluka akupukusa mutu. Ndinamva akulankhula ndi mkazi wake pakhonde, mau a mkaziyo otsika, ake okwela. Wilbroad anati, "Mbuya, mwana uja wakufananani mphuno, koma nzelu anatengela kwa amake." Chifuwa chinawawa, ndinaika kapilitsi pansi pa lilime. Mutu unazungulila pang'ono.

Lachisanu, 8 Juni

Bipi 105 pa 70. A dokotala anayang'ana nambalayo, n'kundiyang'ana ine, n'kukoka mpando.

Akuti mtima uli ngati pampu ya pachitsime. Mphila yake ikang'ambika, umapopa ndithu koma madzi amatuluka ochepa. Thupi likaona kuti magazi achepa, limayamba kumana manja, mapazi ndi impso kuti lisungile mutu. Madzi otsala amabwelela m'mapapo. Anawelenga pa zala zimene ndiyenela kunena msanga zikachitika: manja ndi mapazi kuzizila, thukuta lozizila, mkodzo kuchepa, mpweya kubanika, nzelu kusokonezeka. Akuti zikafika pamenepo munthu sachedwa kupita, ndipo mkodzo ndiwo umayamba kuulula zinazo zisanaoneke.

"Tsono a Daka, botolo lija lizikhala pansi pa bedi. Sisitala aziliona ndi maso."

"Sisitala wanuyo ndi mpongozi wanga."

"Muno ndi nesi."

"Muno ndi kunja, mwana wanga ndi mmodzi yemweyo."

Anafunsa kuti lelo lafika pati. Ndinati lodzaza. Linali theka. Ndikanati theka akanandimanga pa bedi, botolo n'kulipeleka m'manja mwa Ennie. Munthu wamkulu sakambilana za mkodzo wake ndi ana.

Loweluka, 9 Juni

Bipi 95 pa 65. A dokotala achotsa kapilitsi ka pansi pa lilime, akuti kamatsitsa magazi. Anafunsanso za botolo. Ndinati lodzaza.

Munali pang'ono pokha, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Mapazi akuzizila. Ndi Juni, aliyense akumva mphepo. Ndapempha bulangeti lina kudzela mwa Mbemba. Popita kuchimbudzi ndinakhala pansi pakhonde mpaka maso anayela.

A Jonas akuti mailo, pa Sondo, apelekeza mai wina wodwala ku Lusaka pa galimoto ya chipatala. Ndiye kuti lamba wa pamkono palibe ondimanga. Palibe kanthu. Mkono upumule.

Sondo, 10 Juni

Kuzizila.

Botolo louma. Ndinapita nalo chobisa m'jekete, ndinabwela nalo. Wilbroad anaona. Ndamuuza kuti akatsegula pakamwa ndidula chingwe cha mwendo wake.

Ennie wafunsa kawili za lamba. Ndakana.

Thukuta, koma ndikuzizidwa. Azimai a mpingo akuimba wodi ya uko. Pensulo ikugwa

Lachitatu, 13 Juni

Ndidakalipo. Amene anayamba kugawana ng'ombe zanga m'mitima mwawo azibweze.

Ndilemba zonse, zina zimene ndikukumbuka, zina zimene wandiuza Wilbroad. Mbemba amanama, koma Dainess wavomeleza kuti zinatelo.

Sondo masana, azimai oimba atangotuluka, akuti ndinayamba kuitana anzanga a ku mgodi amene anafa kalekale, kuwauza kuti andidikile pa chikepe. Milomo inachita phulusa, kupuma kuli befubefu. Wilbroad anamenya chitsulo cha bedi ndi kapu. "Sisitala! Mbuya wanga akucheza ndi akufa! Ndipo botolo lija musamvele, kuyambila mailo mulibe kanthu, amangoyenda nalo ngati mwana wa chidole!"

Ennie anabwela chothamanga. Ichi ndikuchikumbuka ndekha. Anagwada monga mwa masiku onse, n'kunena kuti, "A Kapembwa, muwapemphe atate andilole dzanja." Ine mpweya unali utatsala wa mau awili, ndipo ndinawagwilitsa bwino. Ndinati, "Asandigwile."

Anaimilila. Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo. Anati, "Atate, mlandu mudzandiimba mukachila. Akufa saimba mlandu." Anachotsa bulangeti n'kundigwila pamkono.

Ndinafuna kukoka dzanja. Silinamve.

Akuti manja ndi mapazi zinali ngati miyala ya mumtsinje m'mamawa, zonyowa. Mtsempha wa padzanja unkathamanga koma wochepa ngati ulusi. Anafinya chikhadabo changa, chinayela, kufiila kwake osabwelela. Lamba anamanga yekha. Bipi 70 pa 50. Anatuma mai wokolopa kuti athamange kunyumba kwa dokotala, iye n'kundikhazika tsonga ndi mapilo a anthu ena, n'kugubuduza botolo lalikulu la mpweya, lija lotalika ngati munthu, n'kundiphimba mphuno ndi pakamwa.

A dokotala anafika atavala nsapato za m'nyumba. Anamvela kumsana n'kunena kuti mapapo adzaza madzi, pampu yagwa. Dainess anali atafika ndi dengu lake, anayamba kulila. "Muthileni madzi ambili a m'botolo la dilipi! Mwana wa kwathu wotsegula m'mimba munamuthila mabotolo ambili anadzuka!" A dokotala anati, "Amai, uja madzi anamuthela. Awa madzi ali nawo, chosowa ndi mphamvu yowakankha. Ndikathila ambili ndiwamiza ali pa bedi."

Anandiika dilipi, koma yodontha pang'onopang'ono, m'kati mwake anathilamo mankhwala okwapula mtima otchedwa adilenalini. Akuti akachuluka mtima umathamanga mpaka kusokonekela, akachepa sugwila. Tsono Ennie anakhala pa mpando pambali panga, wotchi m'dzanja, kuwelenga madontho, kumanga lamba, kumasula, kumanganso. Kapaipi kotulutsa mkodzo anaika a dokotala okha atatchinga nsalu. Pamenepo pokha anandilemekeza. Bipi itakwela kufika 90 ndi pamene anandibaya jakisoni wokodzetsa, akuti asanatelo impso zikanangomuyang'ana.

Dzuwa litapendeka, m'thumba la kapaipi munayamba kudontha. Wilbroad anafuula, "Yabwela mvula ku Nyampande!" Wodi yonse inaomba m'manja, ngakhale uja wa chifuwa chachikulu wa pakona. Ine Jethro Daka, kundiombela m'manja chifukwa cha mkodzo. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawatukwana mmodzimmodzi.

Nthawi yake yoweluka itakwana Ennie sanapite kwawo. Lolemba anali pomwepo. Mailo, Lachiwili, ndi pamene mapazi anafunda.

Ndilembe poyela: sindinavomele. Anandigwila ndili wofooka.

Lachinayi, 14 Juni

Bipi 100 pa 65. Madontho awachepetsa, akuti achotsa pang'onopang'ono kuti aone ngati mtima uyenda wokha. Botolo la mpweya alichotsa masana, alibweza madzulo.

A dokotala anandikalipila ngati mwana woba mango. Akuti mwa anthu amene mtima umagwa chonchi, ambili sabwelela, ngakhale ku zipatala zazikulu. Akuti ndikananena zoona Lachisanu, sitikanafika kumene tinafika. Akuti kuyenda kwanga kwa kuchimbudzi kunali kukwapula ng'ombe yothyoka mwendo. Ndinawasiya alankhule, anaphunzilila zimenezo. Atatha ndinati, "Nanga si ndili pano?" Anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

Ananena zonditumiza ku Lusaka. Ndakana. Mseu wa mapili uja, kenaka kuima padzuwa pa mlatho wa Luangwa asilikali akufufuza katundu, ndikafike ndili mtembo wa boma? Iwonso anavomela kuti ulendo ungandiphe. Koma khasu akuti ndiiwale. Tidzaona.

A Jonas abwelako. Lamba amanga iwo m'mawa. Masana Ennie anabwela ndi mapilitsi, anagwada chapatali, nkhope kukhoma. "A Kapembwa, muwauze atate kuti aka n'katsopano, kolimbitsa mtima, kamodzi patsiku." Ngati kuti Sondo kunalibe. Ndinayang'ana msana wake nthawi yaitali. Chinandinyansa, sindikudziwa chifukwa chake.

Lachisanu, 15 Juni

Dilipi achotsa. Kapaipi achotsa. Bipi 105 pa 70 popanda chokwapula. Mtima ukuyenda wokha monga ndinkanenela.

Dainess wabwela ndi nkhani za kumudzi. Akuti zamveka kale kuti mpongozi anandivula bulangeti anthu akuona, ndipo achibale akuti mkazi wa Whiteson alipe mbuzi. Ndinamufunsa kuti anakauza anthuwo ndani, popeza wa ku Nyampande amene analipo ndi mmodzi. Anayamba kukonza za m'dengu.

"Achimwene, mwambo ndi mwambo. Inu nomwe mumatelo."

"Ndimatelo ine. Iwe usatelo."

Eni ake a lole atumiza mau kuti mailo abwela kudzatenga Wilbroad, akamalizile kuchila ku Kabwe. Iye wakondwa, akuimba nyimbo za kwawo zosamveka mutu.

"Mbuya, ine ndikapita muzilankhula kudzela mwa ndani? Mwa kabati?"

"Iwe unandipeleka. Ndinakuuza kuti utseke pakamwa."

"Ndikanatseka, bwenzi lelo ndikudya nyama pa malilo anu. Ndinaganiza ndithu, mbuya, ndinaganiza. Koma ndinaona kuti a kwanu angandiphikile mbewa."

Ndinamupatsa fodya wanga wa m'chikwama, popeza ine andiletsa. Ndinamuuza kuti ndi woola kale.

Loweluka, 16 Juni

Wilbroad amunyamula m'mawa, mwendo uli m'chikhakha, akufuulabe pakhonde kuti ndisafe iye asanabwele kudzalila. Bedi lake alivula nsalu, latsala matilesi okha. Muno mwachita zii.

A Jonas anaitanidwa ku wodi ya ana asanandimange lamba. Dzuwa litakwela Ennie analowa, lamba m'dzanja. Anaima pakhomo, anayang'ana uku ndi uku. Wa bedi la kumanja ndi mkulu wogontha, wa pakona anali m'tulo. Anagwada pamalo pake paja, nkhope kukhoma, n'kulankhula ndi matilesi.

"Akanakhalapo a Kapembwa, ndikanawapempha awafunse atate ngati angadikile a Jonas."

Ndinaona kuti zidendene zake zatupa ndi kuimilila.

Nkhuku sinapelekedwe. Pabwalo sitinafike. Whiteson sanapepese, ndipo nkhani yanga ndi iye ikadalipo, adzaimva. Koma ine sindine munthu woti azindigwila ndili chikomokele ngati mbuzi yomangidwa, kenaka anthu azikanena kuti Daka anagonjetsedwa ali m'tulo. Chinthu chikathyoka m'nyumba mwanga ndimathyola ndine, maso ali otsegula.

Ndinati, "Amai, matilesi samva. Bwelani kuno."

Sanasunthe. Ndinatulutsa dzanja m'bulangeti n'kuliika pamwamba.

"Ndati bwelani. Kapena ku Lundazi akulu amaitana kangati?"

Anadzuka, anafika, anakhala pa mpando. Zala zake zinali zofunda. Anayang'ana wotchi, milomo ikuyenda. Ine ndinayang'ana denga, pali malo amene mvula inadontha n'kusiya chithunzi ngati ng'ona.

Pomwepo Dainess analowa. Dengu linagwa, kandolo kugubuduka mpaka pansi pa mabedi.

"Mayo ine! Achimwene! Ndi maso anu ali otsegula? Nanga mbuzi ija, nanga anthu akamva..."

"Khala chete," ndinatelo. "Uwasokoneza. Akuwelenga."

Bipi 110 pa 70.